Mphero ya Kuseri kwa Chulu

Kachitini ka mafuta odzola, kofiirira, chivindikiro chake chopindika. Ndikakakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mafuta aja losakanikirana ndi la mapiritsi. M'menemo ndi mmene tinkabisa mankhwala a amalume, m'chilimwe cha chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere. Ndinali ndi zaka khumi.

Amene anayamba kundiuza kuti amalume atuluka m'chipatala anali aphunzitsi athu. Anawaona akutsika basi ku Limbuli. "Thamanga kwanu, amalume ako abwera," anatero. "Koma usakawasokosere."

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba wathu. Kale ankathyola tiyi ku esiteti, munthu wanthabwala, woti akayamba nyimbo ya Chilomwe mzere wonse wa othyola unkavomera. Kenako anayamba kumva mawu a anthu osaoneka, n'kumayankhana nawo, mpaka anawatengera kuchipatala cha odwala maganizo. M'mudzi ankangoti misala. Dzina la matendawo ndinalimva nditakula, akuti sikizofireniya.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali pamaondo, zala zikunjenjemera ngati akupukusa chimanga chosaoneka. Malovu anali pakona pa mlomo. Ntchentche inatera patsaya, iwo osaiingitsa. Ndinagwada n'kupereka moni. Palibe chimene anayankha. Ndinadzuka, ndipo nditalowa kale m'nyumba ndi pamene ndinamva kumbuyo kwanga, "Ndili bwino, kaya iwe." Ndikanakhala wanzeru, tsiku lomwelo ndikanaphunzirapo kanthu.

Popeza amayi ankalawirira kuntchito, ntchito yowapatsa amalume mapiritsi inakhala yanga. Ankameza mosavuta, n'kugona. Akadzuka ankafunsa ngati amwa kale.

Munda tinali nawo umodzi wokha, pakati pa tiyi ndi mtsinje. Kwathu mzere umodzi ndi chakudya. Agogo, mayi wawo wa amayi, atamwalira, banja loyandikana nafe linayamba kusendeza mizere pang'onopang'ono, ndipo chaka chimenecho linati chigawo chonse cha pachulu n'chawo. Pachulupo ndi pamene chimanga ndi nandolo zinkatipulumutsa ku njala. Akuluakulu a m'mudzi anaika tsiku loti adzayende m'malire mvula isanagwe. Mboni yathu inali imodzi: amalume, amene ali mnyamata anaona agogo akupatsidwa malowo atangofika kuchokera ku Mozambiki.

Madzulo aliwonse amayi ankakhala pafupi nawo. "Achimwene, malire athu ali pati?" Zii. "Achimwene, ndine mlongo wanu. Amayi anaika chizindikiro chanji?" Amalume ankangoyang'ana phiri, kukamwa kuli yasa. Amayi ankadikira pang'ono, n'kuusa moyo, n'kunyamuka kupita kumadzi. "Mankhwalawa awadya mutu," ankatero akusenza ndowa.

Ine ndinkatsala pomwepo, kusenda chinangwa. Patapita nthawi, mbale itadzaza, amalume analankhula mwapansipansi, lilime lili lolemera: "Mphero ili kuseri kwa chulu." Zimenezi zinachitika masiku atatu. Koma ndinali nditalangizidwa kuti amalume akamalankhula zosamveka ndisamayankhe, ndiponso ndisamazibwereze kwa munthu. Mphero yanji, anthu tonse tikupita kuchigayo? Ndinali mwana womvera. Sindinawauze amayi.

Utatsala mwezi kuti tsiku loyenda m'malire lifike, amayi anapemphera nthawi yaitali, kenako anandipatsa kachitini. "Mwanawe, mapiritsi aja uziika umu. Mlandu ukatha ayambiranso." Sindiwaweruza amayi anga. Anali ndi ana anayi, opanda mwamuna, ndipo ankaona kuti mlongo wawo watsekeredwa m'kati mwa mankhwala, iwo agwira kiyi.

Sabata yoyamba amalume anadzukadi. Anasesa pabwalo. Anandiitana dzina langa, nati, "Iwe, miyendo imeneyi wabwereka kwa kakowa?" Amayi anaseka mpaka misozi, n'kuimba nyimbo yothokoza. Atafunsanso za malire, amalume anati, "Musadandaule, ndikaonetsa ndekha." Pofika sabata yachitatu tulo tinawathawa. Ankaima pabwalo atapendeketsa mutu, khutu kuloza ku tiyi, milomo ikugwedera. Amayi anaona. Anangoti masiku atsala ochepa.

Tsikulo kunatentha, phiri losaoneka ndi utsi wa zinyalala zootcha m'minda. Kunabwera akuluakulu ndi mabanja onse awiri. Amalume anatsogola, akuyenda mothamanga. Anadutsa chulu osachiyang'ana n'komwe, anadutsa munda wonse wa anzathu aja, mpaka analowa m'tiyi, akunena kuti mawu awauza kuti phiri lonse n'lawo ndipo ife tonse tatumidwa kudzawapha. Mayi wa banja lija anati, "Mboni yanu ndi imeneyi?" Sanaseke. Akuluakulu anakhoma chikhomo kuno kwa chulu, ndipo chigawo chija chinapita.

Anthu amandifunsa ngati ndinalira. Ayi. Ndinkangoyang'ana nyerere zikukwera chala changa chakuphazi. Amayinso sanalire. Titafika kunyumba anachapa zovala zimene anali atachapa kale dzulo lake.

Amalume anabwerera kuchipatala, ndipo amayi anapereka kachitini kaja kwa adokotala, kodzaza. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanawakalipire. Anawafotokozera kuti kuiwala kwina kumabwera ndi matenda enieniwo, kwina ndi mankhwala akalemera: amachedwetsa maganizo, amaumitsa thupi, amagonetsa. "Mukanabwera, mayi, tikanaona zochepetsa kapena kusintha. Kusiya nokha kumadzutsa matenda." Amalume atabwerako ulendo wachiwiri, atawasinthira mankhwala, malovu aja anasiya. Anayamba kuluka madengu. Za malire palibe anawafunsanso. Chaka chimenecho ndi zaka zina zotsatira tinadya makaka a chinangwa miyezi imene kale tinkadya chimanga.

Panapita zaka zambiri. Ndili pabanja, mwana wanga woyamba ali kumsana, ana a banja lija anakumba chulu chija kuti aumbe njerwa. Kuseri kwake khasu linagunda mwala. Atafukula, linali theka la mphero, lokwiriridwa choimirira. Amayi atapita kukaona anangokhala pansi pa dothi lonyowalo. Theka linzake linali pabwalo pathu zaka zonsezi, nkhuku zikumweramo madzi. Mphero ya agogo itasweka, iwo anakwirira chidutswa chimodzi pamalire, china n'kusunga pakhomo kuti chidzakhale umboni.

Pamenepo ndi pamene ndinawauza amayi mawu aja a pakhonde. Sanandikalipire. Anangoti, "Kani ankayankha."

Mlandu sitinaudzutsenso, pamalopo panali patayamba kale maziko a nyumba ya anthu, ndipo amayi anali atatopa. Iwo anatisiya, akupuma. Amalume akadalipo, akalamba, amakhala ndi ine. Mapiritsi ndimawapatsabe ine, ndipo ngakhale limodzi silinalowenso m'chitini. Ana anga amawaitana kuti agogo, ndipo ndinawaphunzitsa kuti ukawafunsa kanthu, ukhale pansi, usanyamuke mpaka ayankhe. Nthawi zina yankho limabwera. Nthawi zina silibwera, ndipo timangokhala nawo.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzitikumbukira ife a banja lino, pamodzi ndi amalume. Mukumbukirenso kamtsikana kaja kosenda chinangwa, kamene kanapatsidwa malire a munda wawo katatu konse. Kankaganiza kuti munthu akachedwa kuyankha ndiye kuti mulibemo. Sikankadziwa kuti amalume ankalimva funso, n'kuyamba ulendo wautali wokatenga yankho, ndipo pobwera nalo ankapeza wofunsa uja atapita kale kumadzi.