Mayi Amene Anakana Kabati

M'nyumba zatsopano za ku Frankfurt, zoyera zija za madenga athyathyathya zimene khonsolo inamanga mu 1927, muli mayi wina wamasiye wa pakhomo lomalizira. Anthu ambiri akudandaulabe kuti anawatsekera m'mabokosi opanda ngakhale kaduwa pakhoma, koma mayiwa ayi. M'mawa amapukuta kakhitchini kawo kopanikiza, ndipo madzi a khofi asanawire ntchito imakhala itatha. Aneba akamanyoza nyumbazi, iwo amangoti, "Khoma ntchito yake n'kutchinga mphepo basi."

Chaka chatha mwana wawo Hedwig anafika ndi ngolo itanyamula kabati yaikulu, yosemedwa mphesa ndi mbalame.

"Amayi, muno mukungokhala ngati m'chipatala," anatero Hedwig. "Anthu aziti tinakutayani."

"Ibwezeni pangolopo," mayiwo anauza amuna amene anainyamula.

Misozi inalengeza m'maso mwa Hedwig. "Ndiye kuti mphatso yanga ndi yonyansa?"

"Ndi yokongola kwabasi, mwananga." Anamuonetsa zala zawo zopindika. "Koma zaka makumi atatu ndinkatokosa fumbi m'mphesa zoterezi kunyumba za mabwana. Tsiku limene iwe unayamba kuyenda, ine ndinali chogwada pansi pa kabati ya eni ake. Ndinachita kumva kwa anthu."

Hedwig anauza amuna aja kuti kabatiyo akaitule kwake. Iye anatsala, ndipo awiriwo anacheza masana onse popanda chowadzutsa pampando.