Kanema amene anadanitsa bambo ndi malume

Kanema analowa m'nyumba mwathu ku Nsaru chaka cha chisankho. Anatumiza ndi achimwene anga a m'tauni, pamodzi ndi sola yake. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, bambo ndi malume, mlongo wawo wa mayi, ankakhala pa benchi imodzi n'kumaonera pulogalamu ya ndale. Ubwenzi wawo unali wa ponda apa nane ndipondepo. Ngakhale chigafa choyanikamo fodya anamanga chimodzi.

Pa pulogalamupo pankabwera mkulu wina wa tayi, wakuthwa pakamwa. Chipani chake chinali kunja kwa boma. Feteleza akakwera mtengo, iye ankamenya tebulo n'kunena kuti tikulamulidwa ndi akuba. Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo kwa iwo munthu akalankhula pagulu, mawuwo ndi ake mpaka kumanda. Choncho ankameza zonse osatafuna. Malume ankangoseka.

"Alamu, uyutu akufuna mpando basi. Ikulankhula apa ndi mimba."

Tsiku lina bambo anapsa mtima. "Woikira kumbuyo akuba nayenso ndi wakuba. Tulukani m'nyumba mwanga."

Mkamwini kuthamangitsa mwini mbumba pa dothi la makolo ake! Mudzi wonse unagwira pakamwa. Malume anatuluka, ndipo m'mawa mwake anakazula mitengo yawo pachigafa. Mayi anayamba kupita kwa mlongo wawo mozemba, ngati akukaba.

Chipani chija chinapambana. Feteleza anakweranso kuposa kale. Ndinalipo Lamulungu limene mkulu wa tayi uja, masaya atatuluka tsopano, anatiuza kuti mitengo ikukwera dziko lonse lapansi, ndipo odandaula ndi ansanje osakonda dziko lawo. Tebulo ankamenya lomwe lija, nkhope ili gwa, opanda ndi manyazi omwe. Ine magazi anawira. Bambo anangoti mwina sitinamve bwino.

Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa masiku amenewo malume anali atagonekedwa m'chipatala ku Namitete. Mayi ankawachonderera bambo kuti akawazonde. Bambo ankavala jekete, kutulutsa njinga, kupopa matayala, kenaka n'kuibwezera m'nyumba.

"Ndikanena kuti chiyani? Mawu aja ndinalankhula ndine, pamaso pa ana. Ndiwabweze bwanji?"

Ndinkafuna kuwakuwira kuti mwiniwake wa mawuwo, mkulu wa tayi uja, anawataya kalekale, koma mwana sakuwira bambo ake.

Malume anamwalira asanaonane ndi bambo. Pamaliro bambo anakhala kumapeto kwenikweni kwa azibambo, chipewa chili m'manja, osayang'ana munthu. Titabwerako kumanda, mayi anawapeza pakhonde. Sanakweze mawu.

"Mnzanu wa pakanema uja akasintha mawu amalandira malipiro, eti? Inu anu mwawasunga bwinobwino. Ndiuzenitu abambo, mwalandira chiyani?"