Dzina Limene Ndinasiya pa Kompyuta

Ndinali ndi zaka twente-folo pamene ndinayamba ukalaliki mu ofesi ya kagulu kena koteteza nyama kwathu ku Mambwe. Ofesiyo inali chipinda chimodzi cha malata, tebulo, mipando itatu ndi kompyuta yoyendera sola. Ntchito yanga inali kulemba malipoti a masikauti, amuna oyenda m'tchire kuchotsa misampha ya waya, ndi kuwatumiza pa imelo kwa abwana athu, amene nthawi zambiri ankakhala kumtunda, kutali ndi chigwa chathu.

Abwanawo anandiphunzitsa bwino za makalata abodza. M'mawa uliwonse ndinkawapeza ataunjikana. Ina ikuti ndapambana galimoto, ina ikuti imelo yanga itsekedwa ndikapanda kulemba pasiwedi pomwepo, ina ya mkazi wamasiye wa kudziko lakutali wofuna munthu womusungira chuma. Ndinkawazindikira pongoona mutu. Sindinkatsegula, sindinkadina chilichonse, ndinkangowakankhira ku sipamu. Ndinkanyada nazo, moti amayi a kutchalitchi ankandibweretsera mafoni awo kuti ndiwaonere ngati uthenga uli woona.

Koma mu imelo yomweyo munkadutsa nkhani zolemera. Panali anthu a m'midzi amene ankatitsina khutu za kumene kwatcheredwa misampha ndi amene watchera. Mmodzi anali bambo wina wa ku Nsefu, mlimi wa thonje, munthu wachete, woimba besi m'kwaya. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho anatiuza za amuna atatu amene ankapha njati ndi kuwamba nyama yake pafupi ndi mtsinje. Masikauti anapita, nagwira mmodzi. Awiri anathawa. Polemba lipoti ndinaika dzina lonse la bamboyo ndi mudzi wake. Abwana anali atanena kale kuti maina otere asamalembedwe, koma ine ndinati kalata yopita kwa iwo okha ilibe vuto.

Lachitatu lotsatira kunabwera msuweni wanga, mwana wa amalume. Tinakulira limodzi, ndipo mwachisuweni ankanditcha mkazi wake. Anali bambo wa ana awiri, wopanda ntchito.

"Mkazi wanga, mwaswera bwanji? Ndamva kuti ku loji ina ya alendo akufuna mlonda. Ndibwereke kompyutayi nditumize kalata."

"Simukudziwa kuti ndi ya ntchito?"

"Mphindi faifi zokha. Ukandimana ndikakusudzula."

Ndinaseka, ndinamusiyira mpando. Imelo ya ofesi inali yotsegula, ndipo sindinaitseke. Nthawi yomweyo panafika mayi wina wa kutchalitchi ndi foni yake, akuti walandira uthenga woti mwana wake wapeza sukulu kunja. Tinatuluka kukaima pansi pa mtengo, ine n'kumamufotokozera modekha mmene akuba amalembera mauthenga otere. Tinatenga nthawi. Pobwerera ndinapeza msuweni ataimirira kale, akuti netiweki yavuta, adzabweranso. Sanandiseke potsanzika.

Lolemba m'mawa sikauti wina anafika thukuta lili kamukamu, nandiuza kuti bambo wa ku Nsefu uja ali ku kiliniki. Ndinakwera njinga osatseka ngakhale zenera.

Nditafika ku kiliniki sindinamuzindikire. Nkhope inali itatupa mpaka maso kubisika, milomo itang'ambika, dzanja lamanja litamangidwa pa kathabwa. Mkazi wake anali atakhala pansi pambali pa bedi, chitenje chili ndi magazi ouma. Anandifotokozera osandiyang'ana. Loweruka masana akutola thonje, amuna awiri anatulukira m'munda, wina atanyamula mpini wa khasu, wina tcheni cha njinga. Anagwetsa mwamuna wake pakati pa mizere. Wa tcheniyo ankamenya kumaso, wa mpiniyo anaponda mkono pansi n'kumaphwanya zala chimodzichimodzi. Mayiyo atadziponya pamwamba pa mwamuna wake anamukoka tsitsi, namuponyera pa mulu wa thonje.

"Mwamuna wanga ankakana," anatero. "Iwo akuti, 'Usakane, dzina lako lili mu kompyuta, ndi mudzi womwe.' Mwanawe, kompyuta yake iti?"

Ndinatuluka, ndinakwera njinga kulunjika kwa amalume. Ndili m'njira ndinakumbukira zimene ndinkazidziwa kale: mmodzi wa amuna othawa aja anali mlamu wake wa msuweni wanga.

Msuweniyo ndinamupeza pabwalo akusoka ukonde, dzuwa lili pamutu.

"Munawerenga imelo yanga."

"Unaisiya wekha pamaso panga. Ine ndili ndi maso."

"Munthu uja amuphwanya zala zonse."

"Ndinangomuchenjeza mlamu kuti asamale. Nanga iweyo, ndani anakutuma kugulitsa anthu akwanu chifukwa cha njati?"

Ndinamulavulira kumaso. Anaimirira pang'onopang'ono, nandiwomba khofi limene linandigwetsera pa nkhokwe. Khutu linalira. Pafupi panali musi umene azakhali ankasinjira. Ndinaunyamula ndi manja awiri, ndinamumenya pa bondo, atagwada ndinamumenyanso pa phewa. Ndinkafuna mutu. Iye anandigwira mwendo, tonse tinagwera m'fumbi, nandikhalira pachifuwa n'kumandimenya zibakera kukamwa. Ndinamva dzino likuthyoka. Ndinamuluma chala mpaka magazi ake anasakanikirana ndi anga m'kamwa. Amalume ndi amuna awiri apafupi ndi amene anatilekanitsa. Azakhali ankalira, akuti tawachititsa manyazi pamudzi. Palibe anafunsa chimene tinkamenyanirana.

Tsiku lomwelo ndinaimbira abwana, kukamwa kuli kotupa, ndinawauza zonse: za dzina limene ndinalemba, za mpando umene ndinapereka. Atamva zonse anafunsa:

"Muli maina ena angati m'menemo?"

"Anayi."

"Pita ukawachenjeze onse lero. Zina tikambirana ndikabwera."

Ndinayenda midzi inayi ndi nkhope imeneyo. Mayi wina atamva anamanga katundu, napita kwa achibale ake kumtunda, ndipo sanabwererenso. Wina anangonditsekera chitseko.

Sanandichotse ntchito, ngakhale ndinkayembekezera. Tinasintha pasiwedi, tinafufuta makalata onse okhala ndi maina, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wotithandiza ankalembedwa ndi nambala imene tanthauzo lake ankalidziwa abwana okha. Ndinaphunzira kutuluka mu imelo ngakhale popita kukamwa madzi. Apolisi anagwira wa mpini uja. Wa tcheni sanapezeke. Ndinakapereka umboni wa mmene dzina linatulukira, ndipo chifukwa cha zimenezo amalume anandiletsa kuponda pakhomo pawo. Pa maliro awo, patapita zaka, ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi alendo. Msuweni anasamukira kumtunda, ndipo ndimamva kuti amatsimphina kukazizira.

Bambo wa ku Nsefu anachira, koma diso limodzi linafa ndipo dzanja silinapindikenso. Thonje anasiya. Nditalimba mtima ndinapita kwawo kukapepesa, nditanyamula nkhuku. Mkazi wake analowa m'nyumba osandilonjera. Bamboyo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati kalata ija idakalipo. Ndinati tinaifufuta.

"Chabwino," anatero. "Nkhukuyo imangeni apo, ingathawe. Ine sinditha kumanga mfundo."

Ndinaimanga pa mtengo wa khonde, ndinakhala nawo kanthawi, kenaka ndinatsanzika.