Makhadi a m'Jekete la Amalume

Ayi achimwene, sikuti ndine wolimba mtima. Mukufunsa kuti ndinatha bwanji kukauza bwana wachiarabu zimene mwana wake amaonera pa tabuleti, pomwe visa yanga ili m'manja mwa bwana yemweyo. Yankho lake silili kuno ku Doha, lili kwathu ku Ulongwe. Khalani pabedipo, tiyi sanawire, ndikuuzeni bwinobwino.

Ndikukumbukira ndinali ndi zaka leveni, ndili Sitandade 4, kalasi imene ndinabwereza kawiri. Amalume anali atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndi wailesi yaikulu komanso jekete lakuda lonunkhira sopo wachilendo. Thumba la jeketelo linali lobooka, ndiye mayi anandituma kuti ndikapereke kwa atelala. Ndili m'njira ndinamva chinthu cholimba kunsi kwa jekete, chitagwera mkati kudzera pobooka paja. Ndinkayesa ndi bisiketi za ku Joni. Nditapisa dzanja ndinatulutsa makhadi a njuga omanga ndi labala, koma khadi lililonse linali ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu wosavala kanthu.

Musaiwale, nthawi imene ija mzimayi akangovala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo unali mlandu. Makutu anga anatentha. Ndinadziwa kuti ndi zoipa, komabe sindinataye. Jekete ndinapereka, makhadi ndinasunga. Sabata yonse ndinali munthu wofunika kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Anyamata amene ankandiseka kuti ndine mbuli ankandipatsa chinangwa chootcha kuti angoonako. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinayamba kuyang'ana aphunzitsi athu aakazi ndi maso ena, ngakhalenso azimayi opita kuchigayo, anthu oti ankandibereka kumsana ndili khanda.

Atelala aja anali Myao wachisilamu, wamfupi, wa kandevu koyera. Ankasokera pakhonde la sitolo imene amwenye anaisiya. Ana tinkawatcha Mwarabu, chifukwa nthawi ikakwana ankasiya makina, kuyala mkeka, n'kupemphera m'chinenero chimene sitinkachimva.

Loweruka mayi anandituma kukatenga jekete lija. Vuto linali lakuti kabudula wanganso anali ndi thumba lobooka. Nditanjuta kuti ndipereke moni, labala anaduka, makhadi anamwazika pasimenti, ena mpaka pansi pa makina.

Makina anaima.

"Tola katundu wako, mwana wa a Nasibeko."

"Si anga."

"Agwa m'kabudula mwa ndani?"

Ndinayamba kulira. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, dzanja lawo linali lolemera, ndipo nkhani ikanafika kusukulu ahedi akanandichotsa. Atelala anawerama, kutola makhadi aja limodzilimodzi, akuwatembenuza chafufumimba osawayang'ana.

"Alipo angati?"

"Fifite-thuu."

"Anthu fifite-thuu ali maliseche pakhonde panga, kuzizira kwa Juni kuno? Ine ndine telala, anthu andiseka. Sankha wekha. Tipite kwa bambo ako pompano, kapena uzibwera kuno ukaweruka kusukulu, tiwaveke."

Ndinkayesa akucheza. Sankacheza.

Ankaphika kaphala ka ufa wa chinangwa m'kachitini, kameneko ndiye kanali komatira. Ankatenga khadi, kulipaka phala, kuphimba ndi kachidutswa ka nsalu kuyambira pakhosi mpaka kumapazi, kenako n'kundipatsa. Ntchito yanga inali kudula ndi sizasi kuti lioneke diresi lenileni, lokhala ndi kolala ndi mpendero. Ndikadula mokhota ankangoyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Chimenechi ungawaveke mayi ako? Bwereza." Patsiku tinkaveka atatu, mwina anayi. Mayi anga atelala anangowauza kuti jekete lavuta pang'ono, ndipo mwana akuphunzira kugwira sizasi.

Tsono apa ndi pamene sindimatha kufotokoza bwino, sukulu yanga ndi yochepa. Thupi likaphimbidwa, pakhadi pankatsala nkhope yokha ndi mikono. Sabata yonse ija ndinali nawo m'thumba koma nkhope zawo ndinali ndisanazione. Wina anali ndi maso otopa. Wina mano ake anali opatuka pakati ngati a asisi anga. Wina anali ndi chipsera cha katemera paphewa, chofanana ndi changa. Nditawaonetsa atelala anati, "Waona? Ameneyu mayi ake anamunyamula kupita naye kusikelo, akuopa kuti angadwale. Ali ndi kwawo ameneyu." Basi, anapitiriza kupalasa makina.

Sanandilalikire ayi. Ankangosoka, ine ndikudula, fungo la mafuta a makina ndi phala lowawasa lija. Azimayi akabwera kudzayesa madiresi ndinkaona mmene ankachitira: tepi ankampatsa mzimayiyo kuti adzikulunge yekha, iwo maso ali pa nambala basi. Tsiku lomaliza ndi pamene anandiuza mawu amene ndimayenda nawo. Anati, "Zimene unaona sindingazichotse m'mutu mwako, ndilibe sizasi yofika mmenemo. Koma ukawakumbukira, uziwakumbukira atavala."

Kenako anamanga makhadi onse ndi ulusi, kuwaika m'thumba la jekete limene analisoka bwinobwino, n'kunditumiza kuti ndikapereke kwa eni ake. Amalume anapisa dzanja ine ndili pomwepo. Anatulutsa, anayang'ana mzimayi woyamba atavala diresi lamaluwa, wachiwiri yunifolomu ya sukulu, anabweza m'thumba. Sananene kanthu mpaka tsiku la imfa yawo, kungoti popita kumsika ankalambalala khonde lija.

Ndiye mwezi watha uja, ndikuchokera kusukulu ndi Khalidi, mwana wa bwana wanga, wazaka thwelofu. Ine paja ntchito yanga ndi kuyendetsa ana. Tili pa roboti ku Al Mirqab ndinayang'ana pagalasi. Tabuleti sindinaione, ndinaona nkhope yake, makutu ofiira, akupuma ndi pakamwa. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndinatembenuka, ndinaona zimene zinali pamenepo, ndinati, "Khalas, basi, zimitsa." Mwana anati, "Ukauza Baba, ndinena kuti unandimenya." Mukudziwa nokha kuti kuno mawu amenewo ndi tikiti ya ndege yobwerera kumudzi.

Masiku awiri ndinkangozungulira nazo. Ndili ndi ana atatu ku Balaka amene amadya chifukwa cha chiwongolero chimenechi. Ndinkadziuza kuti si mwana wanga, si mtundu wanga, si chipembedzo changa. Koma nanga atelala aja ine ndinali ndani wawo? Mwana wa mkulu wa mpingo, woti ankawatcha Mwarabu kumbali.

Lachisanu bwana atachokera kumzikiti ndinawaimitsa pageti. Chizungu changa ndi chothyoka, Chiarabu ndi cha pamsewu, koma anamva. Anaseweretsa mikanda yawo yopempherera. Kenako anati, "Ife Aarabu tinamanga mipanda yaitali. Azimayi mbali yawo, alendo mbali yawo. Intaneti ya kuno ndi yotchinga, ndinaikaponso pasiwedi yanga. Zalowera pati? Ndi sukulu za Chizunguzi. Mwana sathanso kupereka moni kwa agogo ake m'chinenero chathu, akungokhala ngati mwana wa pa tabuleti."

Ndinati, "Baba, kwathu kunalibe magetsi, kunalibe intaneti, sukulu yake inali ya pansi pa mtengo, koma zinandipeza." Ndinawauza za jekete, za phala la chinangwa, za amalume. Pa za amalume anaseka mpaka kugwira geti. Nditaona kuti aseka ndinalimba pang'ono, ndinati, "Kumenya mungamenye, ndi mwana wanu. Koma ine chimene chinandithandiza ndi kukhala pafupi ndi munthu wamkulu, manja ali pa ntchito."

Anthu awa ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi: nkhani ya m'nyumba amaitha m'nyumba, mwana osamuyalutsa. Sanamumenye, ndipo dzina langa silinatchulidwe. Tabuleti tsopano imakhala pabalaza, poonekera aliyense. Ndiye Lachinayi lililonse, azibambo akasonkhana m'majilisi, chipinda chija cha alendo, Khalidi ndiye amathira khofi. Amaima chiimire, ketulo kumanzere, kakapu kumanja, kuyambira kwa wamkulu, osakhala pansi mpaka mlendo atagwedeza kapu kuti wakwana. Amayenera kulonjera aliyense m'Chiarabu chenicheni, akalakwitsa agogo ake amamukonza. Poyamba ankatupa nazo. Sabata yatha ndinamumva m'galimoto akuyeserera yekha malonje aja.

Ngati zatheratu sindikudziwa, wallah sindinganame. Anzake akadali ndi mafoni, ndipo kwa ine salankhula kwambiri. Koma chimene ndikumvetsa pano, chimene sindinkachimvetsa ndili ndi zaka leveni, n'chakuti mpanda ndi pasiwedi ndi zabwino, ziyenera kukhalapo, kungoti tsiku lina zimabooka, kwa Mwarabu ngakhale kwa Mchewa. Tsiku limenelo mwana amafuna munthu wamkulu woti waona, osayang'ana kumbali, komanso osamuphwanya. Nchifukwa chake ndaimbira mayi a ana kuti foni ya mwana wanga Chisomo izigona pa tebulo, ndipo Loweruka azipita kukathandiza agogo ake ku ukalipentala.

Tsiku lija pageti, bwana asanalowe, anatembenuka n'kundifunsa kuti shehe amene anandiphunzitsa zimenezi dzina lake ndani, akufuna akamupempherere. Ndinati sanali shehe, anali telala wa pakhonde, anamwalira kalekale ndisanawathokoze. Anati dzina lokha ndi lokwanira. Ndinawauza pang'onopang'ono kuti alitchule bwino: Che Bwanali.