Chithunzi Chimene Amayi Anang'amba

Mausi ya kompyuta ya amalume inali yakuda ndi thukuta, chingwe chake chomata ndi selotepi. Ndikaikumbukira mtima umawira mpaka lero. Ndi mausi imeneyo amalume anafuna kundikwatitsa ndili sitandade seveni.

Anali ndi kasitudiyo ka zithunzi pafupi ndi depoti ya ku Liwonde. Pa tchuthi chachitali anandiitanitsa kuchokera kwathu kwa Kalembo, ati mwana wa mlongo wawo aphunzire kompyuta. Amayi anavomera. Akanakana bwanji, mwini mbumba atalankhula?

M'kachipindamo munkanunkha inki ndi matemba a mayi wogulitsa pakhomo. Panja makondakitala ali "Balaka! Balaka!", ine maso ali pa sikirini. Ndinaphunzira kudula munthu pachithunzi n'kumuimika patsogolo pa nyumba yosanja, kuchotsa ziphuphu, kuyeretsa nkhope. Poyamba anthu ndinkawadula makutu, amalume n'kumaseka: "Bweza, iwe! Kasitomala azimvera chiyani?" Magetsi akathima ndinkachita kulira.

Tsiku lina amalume anandijambula ineyo, ndili mu yunifolomu. "Lero ndi mayeso, udzikonze wekha." Ndifufute yunifolomuyo, ati, ndidziveke diresi la mayi wa pachithunzi china ndi mpango wonyezimira. Nditalikitse thupi pang'ono, masaya achibwanawo ndiwaphwetse. Ndinaigwira ntchitoyo mosamala, lilime lili panja. Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kuima kumbuyo kwanga n'kumati "Eya, pamenepo!" Manyazi analibe ngakhale pang'ono. Chithunzicho anachitumiza pa foni kwa bambo wina wa ku Joni amene ankafuna mkazi wa kumudzi.

Ine ndinapempha kuti andisindikizire changa, n'kupita nacho kwathu ndikunyadira. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Yunifolomu ili kuti?"

Anaching'amba pakati, namanga chitenje, ulendo wa ku Liwonde. Anabwerako mawu atasasa. Ku situdiyo sindinapondekonso, ndipo iwo ndi amalume sanalankhulanenso, ngakhale pamaliro.

Ndinawakwiyira amayi tchuthi chonse chotsalacho. Ndinkati ndi nkhanza, ndi umbuli, sadziwa ntchito yabwino ikagwiridwa. Ndinkalirira khosi limene ndinalumikiza bwinobwino osaoneka msoko. Sindinkadziwa kuti mkazi wa pachithunziyo anali atalonjezedwa kale kwa mwamuna, ndi kuti amayi anataya mlongo wawo mmodzi yekhayo kuti ine ndibwerere m'kalasi.