Msana wa Bambo

Chikasu chinayamba m'maso mwa bambo, kenako chinafalikira thupi lonse. Anthu a kwathu ku Tafara, poti aliyense ndi dokotala, anayamba kubwera ndi nzimbe, ati zimatsuka chikasu. Kupatsa nzimbe munthu wopanda mano! Tinkadya ndife, odwalawo akungotiyang'ana.

Chimene chinkawazunza kwambiri chinali kuyabwa. Ankadzikanda ndi chitsononkho, ankadzikhula pachitseko ngati mbuzi, koma pakati pa msana sankafikapo. Ntchito imeneyo inagwera mayi.

Makolo angawa ndinali ndisanawaonepo atagwirana ngakhale chala. Chikondi chawo chinali kukangana. Tsono madzulo aliwonse tinkaona zachilendo pakhonde: bambo malaya ali pakhosi, mayi akukanda, pakamwa posatseka.

"Mayi, chakumanzere pang'ono."

"Inu bambo, ku fakitale ya ku Graniteside munkalamula anthu chonchi? N'chifukwa chake anakupumitsani."

Kuchipatala anatiuza zoona. Chotupa cha khansa pa kapamba chinatseka njira ya ndulu, ndipo nduluyo inkabwerera m'magazi. Kuchichotsa kunali kochedwa. Anati angolowetsa kapaipi kudzera pakamwa kuti ndulu izidutsa, koma khansayo ikhalabe, ndipo masiku awo si ambiri. Pobwerera, mukombi, minibasi ya kwathu kuno, ndinalira osasamala za anthu.

Kapaipiko kanagwira ntchito. Maso anayera, chakudya chinayamba kulowa. Titapitanso kuchipatala, mayi atatsala panja, dokotala anafunsa za kuyabwa. Bambo anayankha mokondwa kuti kunatheratu. Ndinamva ndi makutu angawa.

Madzulo omwewo, ndikuona malaya akukwera.

"Mayi, kwayambanso. Lero ndiye koopsa."

Ine magazi anawira. Mayi tsiku lonse amakhala pamsika kugulitsa tomato, manja ali ndi nyamakazi, ndiye azidzakandanso bodza? Ndinawatsatira kukhitchini n'kuwaululira zonse, mpaka mawu a dokotala.

Mayi sanatembenuke n'komwe.

"Iwe, ukuyesa sindikudziwa? Munthu woyabwidwa amasinza ukumukanda? Dzulo mpaka mkonono."

"Nanga mukuvutikiranji?"

Anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana. Maso awo anali ofiira.

"Ukawauza kuti ndadziwa, achita manyazi, asiya kundiitana. Ndiye ine ndidzawagwira liti? Pokawasambitsa atamwalira? Tseka pakamwa pako, undipatse njira."