Tsiku Limene Belu la Agogo Silinayankhe

Inu owerenga, ine ndine mtsikana wa sekondale kuno ku Edmonton, kumpoto kwa London. Chimene chandilembetsa n'chakuti ndinangotsala pang'ono kutaya agogo anga aamuna chifukwa cha ulemu. Inde, ulemu womwewu umene amatiphunzitsa kunyumba. Ndinaona ndi maso anga kuti zinthu sizili bwino, chowathandizira ndili nacho m'chikwama, koma pakamwa panga panalemera.

Agogowo ndi bambo a mayi anga. Anabadwira pakomboni ya mgodi wina wa golide ku Zimbabwe, bambo awo atachoka ku Ntcheu kukafuna ntchito, ndipo nawonso anakalambira pamgodi womwewo. Ntchito yawo inali yoimba belu la chikepe chotsitsa anthu pansi. Agogo aakazi atamwalira, mayi anawaitanitsa kuti adzakhale nafe. Miyezi yoyamba ankangokhala pawindo la fulati yathu n'kumayang'ana mabasi, osayankhulayankhula. Kenako bambo wina wa kutchalitchi kwathu ku Tottenham anawapatsa njinga yakale ya matayala onenepa. Tsiku limenelo anaipukuta mpaka masipoko, akuimba kanyimbo chapansipansi. Aka kanali koyamba kuwamva akuimba.

Kuyambira pamenepo Loweruka linakhala lathu. Mayi ndi nesi, nthawi zambiri Loweruka amakhala ali pashifiti, ndiye ine ndi agogo tinkatenga njinga zathu n'kutsikira ku ngalande ya Lea, momwe mumadutsa maboti aatali opyapyala amene anthu ena amagonamo. Tinkatsata kanjira ka m'mbali mwa madzi kulowera kumpoto. Poyamba mumadutsa kuseri kwa mafakitale ndi makoma olembedwalembedwa, koma mukapitirira Enfield nyumba zimayamba kuchepa, phula limatha, ndipo timiyala timayamba kulira pansi pa matayala. Agogo ankalikonda phokoso limenelo. Ankati likuwakumbutsa msewu wochoka pakomboni kupita kusitolo, umene ankanyamulapo agogo aakazi pakaliyala akadali chibwenzi.

Kumtundako kuli nyanja zing'onozing'ono zambiri. Mkulu wina wowedza nsomba anatiuza kuti onsewo ndi maenje momwe kale ankakumbamo miyala ndi mchenga womangira mzinda, ndipo atawasiya anadzaza madzi. Agogo anatsika panjinga, n'kutapa dothi, n'kulinunkhiza.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Koma anthu a kuno ali ndi nthabwala. Mgodi akathana nawo amaikamo abakha. Wathu uja anangoutchinga ndi waya."

Chichewa chimene ndikulembachi ndinachitolera m'njira imeneyo. Kunyumba ndinkamva zonse koma kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi. Agogo anakana. Ankati akakwera njinga makutu a Chingerezi amawasiya pakhomo. Ndikalakwitsa mawu ankaseka mpaka njinga kugwedera, kenako n'kundikonza.

Panali lamulo limodzi lokha. Ine ndinkatsogola chifukwa mapu anali pafoni yanga, ndipo pachifukwa chimenecho ankanditcha a Kapitawo. Tikafika pansi pa mlatho kapena pokhota, pomwe sitingaonane, ine ndinkaliza belu ndipo iwo ankayankha ndi lawo kumbuyo. Ankati kumgodi belu likapanda kuyankhidwa chikepe sichisuntha, munthu amaima n'kukaona chimene chachitika. Lamuloli ndinkalitenga ngati masewera. Ngriii kutsogolo, ngriii kumbuyo, atsekwe n'kumatiyang'ana modabwa. Masiku amenewo ndimawasowa, inu owerenga. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo la utsi wa m'maboti ndi mabelu awiri akuyankhana.

Tsopano agogo ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya jakisoni m'mawa uliwonse. Mayi anawauza mobwerezabwereza kuti akabaya ayenera kudya. Mayeso anga aakulu atayandikira, kutchalitchi analengeza sabata yosala kudya popempherera ana onse olemba mayeso. Abusa ananena momveka kuti odwala asasale. Mayi nawo anabwereza patebulo, atalozetsa agogo supuni.

"Baba, inu musayerekeze. Mulungu akudziwa kuti muli ndi shuga."

"Ndamva, a dokotala," anayankha agogo.

Loweruka la sabata imeneyo mayi anawakonzera buledi ndi mazira asanathamangire basi. Ine ndinali kubafa, ndipo potuluka ndinapeza mbale ili mbee. Tinanyamuka bwinobwino, kunja kuli kadzuwa, mitengo itaphuka. Titafika pachipata choyamba cha madzi, pomwe maboti amadikirira, agogo anaima, n'kutulutsa m'thumba la jekete buledi yense uja atamukulunga m'pepala, n'kuyamba kuponyera atsekwe.

Ndinawafunsa ngati anadya chilichonse. Anaika chala pakamwa.

"A Kapitawo, izi ndi za ine ndi Mulungu wanga. Amako asamve. Bambo anga sanagwireko pensulo, ine ndinalekezera panjira. Iwe ukalowa m'chipinda cha mayeso chija, tonse talowa. Ndiye nditafune mazira?"

Inu owerenga, mukanakhala inu mukanatani? Munthu wamkulu akusala kudya chifukwa cha ine. Mumtima ndinamva kukoma, ndisaname. Ndinamvanso mantha, chifukwa ndinkadziwa zimene mayi ananena. M'chikwama changa munali kabotolo ka juwisi ndi maswiti, zimene mayi ankandikakamiza kunyamula ulendo uliwonse chifukwa cha agogo omwewo. Foni inali m'manja. Koma kwathu mwana sauza wamkulu kuti idyani, ndipo saneneza agogo ake kwa mayi ake. Ndinabweza foni m'thumba, tinakwera njinga.

Titalowa m'njira ya timiyala, belu lawo linayamba kuchedwa kuyankha. Pamlatho wina ndinaliza, ndinadikira, kenako linalira mofooka. Ndinaima. Atandipeza ndinaona thukuta lili kamukamu pamphumi pomwe kunja sikunkatentha, ndipo manja awo ankanjenjemera pahandulo. Ndinatulutsa juwisi uja n'kuwapatsa ndi manja awiri, monga anandiphunzitsira.

"Agogo, imwaniko pang'ono."

Anandiyang'ana ndi diso limene ndinali ndisanalionepo. "Iwe, wayamba liti kulamula akuluakulu? Ndili bwino. Tsogola!"

Agogo anali asanandikalipirepo chibwerereni. Misozi inalengeza m'maso, ndinabweza botolo m'chikwama. Pambuyo pake mayi anandifotokozera kuti ukali umenewo sunali wawo, unali wa shuga amene anali atatsika kwambiri m'thupi. Munthu amakwiya, amasokonezeka, amakana chithandizo chomwecho chimene akufunika. Ine sindinkadziwa. Ndinangomva kuti ndachita mwano, ndipo ndinapalasa mwamphamvu kuti asaone kuti ndikulira.

Pafupi ndi imodzi mwa nyanja zija njira imakhota n'kutsetsereka pang'ono. Ndinaliza belu. Zii. Ndinalizanso. Kunangomveka abakha.

Ndinaponya njinga pansi n'kuthamanga kubwerera. Ndinawapeza atagona chammbali pa timiyala, njinga itawapsinja mwendo, tayala lakutsogolo likuzungulirabe. Maso anali otsegula koma sankandizindikira. Ankanditchula dzina la agogo aakazi, n'kumanena zoti chikepe chisatsike, pansi pali madzi. Ndinakuwa m'zinenero zonse zimene ndimadziwa. Mayi wina amene ankayendetsa galu wake anathamangira pomwepo, ndipo ndiye anaimbira ambulansi. Anavula jekete lake n'kuwafunditsa. Malowo ndi ovuta kufika pagalimoto, ndipo nthawi imene tinadikira inali yaitali kuposa ulendo uliwonse umene tinayendapo.

A ambulansi atawapatsa shuga, nzeru zinabwerera msanga. Chimene sichinabwerere ndi mwendo. Fupa la m'chiuno linali litathyoka.

Anawatengera kuchipatala chomwe mayi amagwirako ntchito. Sindidzaiwala mmene mayi anatulukira m'khonde la chipatalacho atavala yunifolomu, nkhope itasintha. Atamva kuti agogo sanadye, anatembenukira kwa ine.

"Unkadziwa?"

"Eya, amayi."

"Foni unali nayo?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira pamaso pa anzawo, koma anangokhala pampando n'kugwira kumutu. "Mwanawe," anatero motsitsa, "ulemu wakowo lero tikanaugulira bokosi."

Agogo anachitidwa opaleshoni ndipo anakhalitsa m'chipatala. Mayeso ndinalemba iwo ali komweko. Ndikapita kukawaona ankayang'ana kukhoma, kenako tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, anandisenzetsa katundu woposa msinkhu wanga. Ndinawayankha kuti nanenso lamulo la kumgodi ndinaliphwanya. Belu litayamba kufooka chikepe sichinayenere kusuntha, koma ine ndinatsogola. Iwo anati, "Apo pokha wanena zoona, a Kapitawo."

Lero akuyenda, koma ndi ndodo, ndipo adokotala anati za njinga aiwale. Njinga ija ili pakhonde la fulati, matayala anaphwa. Loweruka ndimapitabe ku ngalande, nthawi zina ndi mnzanga wa kusukulu, nthawi zina ndekha. Pansi pa mlatho uliwonse chala chimaliza belu chokha, ndipo khutu limadikirabe kumbuyo. Ndikafika panyanja zija ndimajambula abakha kuti ndikawaonetse, iwo n'kumafunsa ngati timiyala tikulirabe chimodzimodzi.

Anzanga amene mukukhala ndi agogo kapena makolo odwala kunja kuno, ndikupempheni. Wamkulu akanena kuti ali bwino, musamve mawu okha, muyang'aneni pamphumi ndi m'manja. Akakuuzani chinsinsi chokhudza mankhwala kapena chakudya, chimenecho si chinsinsi chosunga, kaneneni ngakhale akwiye. Dziwani zizindikiro za matenda awo musanatuluke nawo pakhomo. Mkwiyo wa agogo ukanatha tsiku lomwelo tikanakhala kuti tinakhala pansi m'mbali mwa njira mpaka botolo lija litatha. Ine ndinaopa kukalipiridwa kamodzi, ndipo ndinataya Maloweruka onse amene anatsala. Nanunso akuluakulu, musatiike pakati pa ulemu ndi moyo wanu. Ife timakukondani, ndipo tikhoza kusankha molakwika.

Mwezi wathawu ndinapeza agogo pakhonde ali ndi sikuludalaiva, akumasula belu panjinga yawo. Analimangirira pandodo yoyendera. Tsopano ndikamabwera kuchokera ku ngalande ndimaima pansi pa fulati n'kuliza langa, ndipo pawindo la m'mwamba limayankha lawo. Aneba anazolowera. Koma sindikwera masitepe msanga. Ndimakuwa kaye kuti, "Agogo, mwadya?" Iwo amadandaula kuti a Kapitawo a masiku ano ndi ankhanza kuposa a kumgodi, kenako amatulutsa mbale pawindo kuti ndiione. Ikakhala yopanda kanthu ndimafunsanso ngati atsekwe sanafike pafulati. Akaseka n'kulumbira kuti adya okha, ndipamene chikepe chimasuntha.